Masamba a Pakati

Lachisanu, 2 Juni 1989

Kuzizira kwa lero kunali kwa nkhanza. Ana anabwera atabisa manja m'khwapa, milomo itayera, ndipo ine choko chimangondipulumuka m'zala. Sitandade 2 yanga yafika ana 87. Sindikudziwa kuti akuchokera kuti.

Lachisanu ndi tsiku la katoni yanga. Mabuku 34 a nkhani za ana, ogula ndekha limodzilimodzi kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ulendo uliwonse umene ndatsikira ku Blantyre. Wowerenga bwino amatenga limodzi kupita nalo kwawo, Lolemba n'kubweza. Lero atenga asanu ndi mmodzi okha, nkhope zomwe zija za sabata iliyonse.

Ahedi, a Kalisto, anasuzumira pa zenera ndikugawa. "Mayi Yunike, mabuku opita kumudzi awa tsiku lina mudzalira nawo." Ndinangoseka. Mabukuwo ndi anga, si a boma.

Edina wanga sanatenge. Mwana wa mphunzitsi, zaka zisanu ndi zitatu, kuwerenga amachita ngati ndikumukoka ndi chingwe. Akuti zilembo zimamupweteka maso. Zimandichititsa manyazi, ndivomere pano poti palibe akundimva.

Lamulungu, 4 Juni

Titaweruka ku tchalitchi tinawoloka mtsinje kupita kwa amayi. Achimwene a Gerishon akwanitsa mwezi chibwerereni ku Joni, ndipo ulendo uno akuti basi, za ku migodi zatsekedwa, sakulembanso anthu. Awonda. Amatsokomola mpaka kugwira khoma, koma pakamwa ndi pomwe paja, nthabwala zosatha.

Lero anatulutsa chimene akhala akubisa m'sutikesi. Kachinthu kokwana m'dzanja, kali ndi kagalasi ngati ka wotchi ndi mabatani awiri ofiira. Ukakayatsa, m'kagalasimo mumatuluka kamunthu kakuda, miyala n'kumakagwera kuchokera pamwamba, iwe n'kumadina uku ndi uku kuti kazembe. Mwala ukakapeza katatu, gemu yatha. Kamalira pi-pi-pi, ndiye ana a pamudzi akapatsa kale dzina, akuti kapipi.

"Umu ndi mmene timakhalira pansi paja," anatero achimwene akuseka. Amayi sanaseke nawo.

Ndinayesa. Kamunthu kanga kanafa ndisanadziwe n'komwe kuti batani la kumanzere ndi liti. Edina anangokagwira kamodzi, lilime lili panja, n'kuzemba miyala 40. Achimwene anamunyamula m'mwamba: "Awa ndiye magazi anga, mutu ukugwira!" Ndinakondwa kuwaona akusangalala ndi mwana, atavutika zaka zonsezi kutali.

Lachitatu, 7 Juni

Pa buleki ndinamva Jameson, wa kumbuyo kwenikweni uja, akuuza mnzake: "Dzira limodzi umasewera kawiri. Manachesi akukana, akuti ali ndi mtengo wawo." Nditafunsa kuti zachiyani, onse anangobalalika.

Edina ndiye wandiuza kunyumba. Amalume ake ayamba kulipiritsa kapipi, chifukwa mabatire ake ndi ang'onoang'ono ngati mabatani a malaya, ndipo sapezeka kuno, ngakhale ku Mwanza. Chabwino, munthu alibe ntchito, sindingawaweruze. Koma nkhuku za mudzi uno ziona zakuda.

Lachisanu, 9 Juni

Ndilembe msanga mtima usanazizire. Ana 19!

Nditangoika katoni pa tebulo, mzere unafika pa chitseko. Ndinkaganiza kuti akufuna kupita kuchimbudzi. Ayi, mabuku. Ngakhale Jameson, amene mpaka lero b ndi d amazisinthanitsa. Lamulo langa ndi loti amatenga ndi wowerenga bwino, koma ndikanamubweza bwanji mwana amene watambasula dzanja kufuna buku? Lamulo ndaliphwanya ndekha, ndipo ndaliphwanya ndikumwetulira.

Chondiseketsa, amasankha ndi zala, kufinya buku ngati mayi akupima nsalu pa msika. "Aphunzitsi, ine lonenepa." "Ine lonenepa kuposa ilo." Akufuna nkhani zitalizitali tsopano.

Ndipo Edina. Edina wanga anali wachitatu pa mzere. Anatenga lachikasu lija la mtsikana wosaka mbuzi yake yosochera, lalikulu kuposa onse m'katoni. Ndinatembenukira ku bolodi n'kumafufuta pamene panalibe cholemba, kuti ana asaone maso anga.

Lolemba, 12 Juni

Onse 19 abwerera, zikuto zoyera, palibe lonyowa, palibe lodyedwa ndi mbuzi. Ndinadutsa dala ku ofesi ndi katoni pamutu. "Ahedi, misozi ija ndikuidikirabe." Iwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kusaina makalata awo.

Lachinayi, 15 Juni

Masana onse tinali pa bwalo, kukonzekera za 6 Julaye. Nyimbo imodzi kasanu ndi kawiri, mpaka mawu anga anasasa. Fumbi, mphepo, ana anjala.

Pobwerera ndinapatukira kwa amayi kukasiya sopo. Khonde la achimwene linadzaza ana, mitu pamodzi, pi-pi-pi ali pakati. Mmodzi akusewera, khumi akumupumira m'khosi. Kamunthu kakafa, wosewerayo amachita kupondaponda pansi: "Kamodzi kokha, amalume, kamodzi kokha!" Tsopano mudzi wonse ukuwatcha amalume. Edina sanandione n'komwe.

"Aphunzitsi, bwerani mudzafe kamodzi, inu ndi zaulere," anandikuwira achimwene. Amayi akuti za mazira zinatha, amayi a ana anadandaula. Akuti achimwene awagulira shuga, ndiponso atumiza kondakitala wa basi kukawagulira mabatire atsopano. Kaya anasungako kangachepe ku Joni kuja. Sindinafunse.

Ndimati ndiwauze kuti ana asamachedwe pamenepo, koma ndinaganiza kuti poti akuwerenganso, asewere. Mwana sangakhale pa buku tsiku lonse.

Lachisanu, 16 Juni

Katoni yatha yonse, mpaka pansi. Awiri analira chifukwa chosapeza. Ndalembera kalata bambo a Edina ku Nchalo, masamba awiri, nkhani yake yomweyi. Ndawauza kuti mwana wawo watsegula mutu, akabwera adzamumva okha. Ndawapempha kuti akadutsa mu Blantyre andigulireko ena awiri kapena atatu, onenepa.

Lachiwiri, 20 Juni

Ndinaimitsa Jameson kuti auze kalasi nkhani imene anawerenga. Anati panali bambo wina anagula njinga. Kenako? Kenako bamboyo anakwatira. Nanga pakatipo? "Pakatipo palibe, aphunzitsi." Kalasi yonse inaphulika kuseka, kuseka kwina kwake, kwa anthu odziwa chinthu chimodzi. Ndinamuuza kuti ndi ulesi, buku silidumphidwa, akawerengenso.

Katoni ija masiku ano ndikuinyamula ndi dzanja limodzi. Kaya ndi mbatatesi za chaka chino zandipatsa mphamvu.

Lachisanu, 23 Juni

Yathanso. Mulungu ndi wabwino.

Loweruka, 24 Juni



Ndinapita ku msika m'mawa. Pa chipata ndinaonetsa kadi ya chipani, ndinagula tomato, kenako ndinaima kwa a Enelesi ogulitsa mchere aja. Anatenga pepala pa mulu umene anaupsinja ndi mwala, analipinda ngati kafanulo, n'kuthiramo mchere. Pondipatsa, ndinaona mwendo wa mbuzi. Chithunzi. Pansi pake mawu amene ndawawerengera ana mokweza kambirimbiri, ndingathe kuwanena nditatseka maso.

Ndinachotsa mwala uja ndekha, osapempha. Bambo wa njinga. Ana awiri okwera sitima. Mayi woumba mbiya. Mabuku anga onse anali pamenepo, pepala pamwamba pa linzake, osang'ambika n'komwe, oongoka bwinobwino, aliwonse ali ndi timabowo tiwiri pakati.

"Mapepala abwino awa," anatero a Enelesi, "olimba, mchere sutuluka. Nyuzipepala ine ndimaopa, mungakulungire mchere pa chithunzi cholakwika n'kupezeka muli m'mavuto."

Ndinafunsa kumene amawatenga.

"Kodi! Kwa achimwene anu omwe. Si inu mumawapatsa? Amati ndi otha ntchito a kusukulu. Wa mandasi uja amatenganso, ndi abambo a fodya aja, akuti amapichirira bwino."

Ndinawauza kuti mchere andithirire m'nsalu. Mulu wonse ndinaugula, mapepala anga omwe, 23. A Enelesi anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Njira yonse yobwerera ndinali kuyang'ana pansi, m'ngalande, pa dzala la wa mandasi. Ndinatola awiri onona mafuta. Anthu amandipatsa moni, "Aphunzitsi, mwataya chiyani?" Sindikukumbuka chimene ndinayankha.

Lamulungu, 25 Juni

Ku tchalitchi sindinapite. Mabuku ali kumidzi mpaka mawa, m'nyumba muno munali lachikasu lokha, limene Edina analitenga kachitatu motsatizana, ine n'kumati walikonda. Ndinalipeza pansi pa mphasa yake. Ndinalitsegula. Tsamba 14, kenako 27.

Tsopano ndamvetsa kachitidwe kake. Mabukuwa anawamanga ndi timawaya tiwiri pakati. Ukatsegula pakati penipeni n'kukoka pang'onopang'ono, pepala limatuluka lathunthu, masamba anayi nthawi imodzi, osasiya chizindikiro. Ukatseka, buku lili bwinobwino. Pansi pake pali pakati pena, ukokanso. Ndipo ine Lolemba lililonse ndimayang'ana chikuto, kupukuta fumbi, n'kumuuza mwana kuti wachita bwino.

Ndinamuitana Edina. Poyamba anakana. Nditamuonetsa mapepala a ku msika aja ndi timabowo take, anayamba kulira kusanachitike kanthu. Pepala limodzi, kusewera kamodzi. Loyera lopanda mafuta ndiye amalume amalandira, la m'kope amakana, akuti ndi lopyapyala.

"Anakuphunzitsa kukoka pakati ndani?"

Anapukuta misozi. Kenako: "Amalume. Anati amayi ako amangoona kunja."

Ndinakhala pansi. Koma sizinathere pomwepo. Anzake aja anawaphunzitsa ndi iyeyo. Akabweretsa mwana watsopano ali ndi buku, iye amasewera kamodzi kwaulere. Mzere uja wa pa 9 Juni, umene unandigwetsa misozi pa bolodi, anausonkhanitsa ndi mwana wanga.

Ndinathyola kamtengo ka pichesi. Ndinamukwapula kawiri, kachitatu dzanja linakana. Si iye amene ndimafuna kumenya. Ndamuletsa kuwoloka mtsinje kupita kwa agogo ake mpaka nditanena.

Kalata ija ya ku Nchalo inapita kale. Akuiwerenga mwina lero lomwe, akumwetulira.

Lolemba, 26 Juni

Anabweza onse. Ndinawatsegula limodzilimodzi pamaso pawo. Athunthu ndi awiri okha, a ana awiri amene kwawo ndi kutali, kuseri kwa phiri, amene sanakaonepo kapipi. Ena atsala chikuto ndi masamba asanu ndi atatu. La sitima lija latsala chikuto chokha ndi timawaya.

Sindinamenye aliyense. Ndikanayambira pati, wanga yemwe ali pamenepo?

Titaweruka ndinawoloka. Achimwene anali pakhonde okha, ana anamva kale kuti kwaipa. Amapichira chingambwe. Ndinaima n'kumaonerera zala zawo zikupinda pepala, lilime likunyambita m'mphepete. Anayatsa. Mawu amaoneka, amapsa mzere ndi mzere akamakoka.

Ndinawapatsa moni monga mwa nthawi zonse, ndinagwada, pakuti ndi aakulu. Kenako ndinati, "Achimwene, mukusuta buku langa."

Sanadzidzimuke. "Yunike, ndi mapepala. Anawo anawerenga kale."

"Sanawerenge. Inu mukudziwa kuti sanawerenge."

"Ine ndimati abweretse pepala. Kumene alitenga sindifunsa."

"Edina akuti munamuonetsa ndinu pokoka."

Anatsokomola nthawi yaitali, ndipo ndinadikira. Atapuma anati, "Ndiye wabwera kudzandizenga mlandu pakhomo pa amayi? Amene anakuphunzitsa a e i o u pa dothi apa ndi kamtengo ndani? Fizi ya ku koleji analipira ndani? Chifuwa ichi ndinachitenga ndikukumbira iwe. Lero ndabwera chimanjamanja, iwe uli ndi malipiro mwezi ndi mwezi, wandifunsapo kuti achimwene mukudya chiyani? Ngati ndi mabuku, ndi anganso."

Zonsezo ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake zikuwawa chonchi. Akanakhala munthu wosadziwa chilembo ndikanati sadziwa chimene akuchita. Koma awa ndi amene ankandiyendetsa chala pa dothi, amene ankanditumizira makalata ochokera ku Joni akuti usasiye sukulu ngakhale zitavuta bwanji. Anakhala pansi n'kuganiza bwinobwino pamene ine sindiyang'ana, n'kuphunzitsa mwana wanga kundinamiza. Ndipo Lachinayi lija anandiitana kuti ndidzasewere zaulere, mapepala anga ali m'nyumba kumbuyo kwawo.

Ndinapempha otsala. Anati anatha Loweruka. Kapipi kanali m'thumba la malaya awo, kakuonekera mutu.

Lachiwiri, 27 Juni

Sindinadye. Ndaphunzitsa masamu tsiku lonse kuti ndisagwire buku.

Lachitatu, 28 Juni

M'mawa kunabwera amayi ake a Jameson, mpaka pa chitseko cha kalasi, mwana kumsana. Ndinkaganiza kuti abwera kudzapepesa. Anati, mokweza kuti ndi Sitandade 3 yomwe imve: "Inu mumabwereketsa, achimwene anu amalandira, a Enelesi amagula. Ndi bizinesi ya pabanja eti? Ndiye mwana wanga mukumutchuliranji wakuba?" Sindinamutchule wakuba. Koma ndi mmene nkhani ikuyendera pa mjigo, kuti aphunzitsi ndi achimwene awo anapangana. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikudzimana nsapato.

Ahedi anawachotsa mwaulemu, kenako anandiitanira ku ofesi. Ndinakonzeka kumva kuti ndinakuuzani. Sananene, ndipo kusanenako kunandipweteka kuposa. Anangotsegula kabati n'kundionetsa shelefu ya pansi. "Pano pali malo, ndipo pali loko. Muganize."

Masana amayi anawoloka okha, ndi ndodo yawo. Ndinawayalira mphasa. Anayamba ndi za kuzizira, za mbuzi ya a Laimoni imene yalowa m'dimba, kenako anafika. Akuti amva kuti ndikufuna kuitana akuluakulu a banja pa nkhaniyi.

"Gerishon ndi mwini mbumba. Ungamuimike pa anthu chifukwa cha mapepala? Mawa Edina akadzadwala, adzathamanga ndani? Akadzapeza banja, adzayankhula ndani? Mwamuna wako ndi mkamwini, pano ndi mlendo. Mwanayu ndi wa Gerishon."

Ndinati, "Ndiye n'chifukwa chake, amayi. Mwana ndi wawo, n'kumuphunzitsa zimenezi?"

"Munthu akudwala. Umusiye. Ugula ena."

Amayi sadziwa kuwerenga, kwa iwo pepala la buku ndi pepala la mchere ndi chimodzimodzi, sindingawakwiyire. Koma shuga uja anamwera tiyi, ndipo akudziwa tsopano kumene anachokera. Potsanzika anati Edina azibwerabe, agogo ake amusowa, amalume akenso akumufunsa. Ndinawaperekeza mpaka pa mtsinje.

Akuluakulu sindiitana. Ndikudziwa kale mmene zingathere, ine ndi amene ndingapepese.

Lachinayi, 29 Juni

Za pa bwalo anazilepheretsa chifukwa cha chiperoni, ndiye ndinabwerera msanga ndi katoni. Ndinakhala pakhomo ndi singano ndi ulusi wakuda, kusanja mapepala 25 aja, kufufuza kwawo kwa lililonse. Ntchito yosautsa. Pepala ukalipeza buku lake, upeza kuti anzake a mbali zonse kulibe. Limodzi lokha ndi limene lakwanira, labuluu la ana oweta njuchi. Athunthu tsopano ndi atatu mwa 34. Awiri a mafuta aja akununkha mandasi.

Edina kuyambira Lamulungu amangozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Zala zake zimadina pa bondo zokha, kumanzere, kumanja. Anzake onse ali kutsidya. Lero anakhala patali pang'ono ndi ine, kenako anasendera, kenako ndinaona watola lachikasu lija. 

Anayamba tsamba loyamba. Chala pa mzere, milomo ikuyenda, kenako mawu anayamba kutuluka. Amakakamira, amabwerera, amapitirira. Palibe anamutuma. Zaka ziwiri ndakhala ndikupempherera chimenechi, ndipo chabwera lero, pamene mtima wanga uli ngati mwala. Ndinapitiriza kusoka.

Dzuwa litapendeka anasiya. Anatembenuza tsamba, anabwerera, anatembenuzanso.

"Amayi, apa mbuzi ili pa mlatho, madzi akubwera. Apa ili kale kunyumba, mwendo atamanga nsalu. Chinachitika n'chiyani?"

Ndikudziwa chimene chinachitika. Ndikudziwa amene analowa m'madzi, ndi chimene mtsikanayo analonjeza, ndingathe kunena mawu ndi mawu. Pakati pamenepo ndi pamene ana amasiya kupuma ndikamawawerengera.

Ndinati, "Kafunse amalume ako."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana timawaya tija. Analira mosatulutsa mawu, misozi ikugwera pa tsamba 27, ndipo anaipukuta msanga ndi diresi kuti pepala lisanyowe. Atatha anabwerera tsamba loyamba n'kuyambiranso, ngati kuti ulendo uno apeza njira ina yodutsira.

Sindikunyadira chimene ndinayankha. Koma sindinathe kunena china.

Lachisanu, 30 Juni

Ndinaganiza kuti aziwerengera m'kalasi momwemo, ine ndikuona. Phunziro lomaliza ndinawagawa m'magulu, buku limodzi ana ambirimbiri, athunthu atatu aja ndi ena amene atsala ndi nkhani yomveka. Palibe anafunsa lonenepa. Jameson sanakweze maso tsiku lonse.

Belu litalira ndinatolera. Onse anabweza msanga, kupatula labuluu. Linali ndi Edina. Gulu lake linabalalika kale, iye anatsala pansi pa zenera, chala chili m'kati mwa buku pamene analekezera. Anabwera pa tebulo pang'onopang'ono. Anzake anaima pa chitseko kuonerera.

"Amayi, latsala pang'ono. Ndikamalizire kunyumba. Inu mudzakhala pomwepo."

Ndinamuyang'ana kumaso ndipo ndinamukhulupirira. Koma pa 9 Juni ndinamukhulupiriranso, nkhope yake inali yomweyi.

Ndinatambasula dzanja. Anachedwa, kenako anachotsa chala chija, buku linatsekeka. Ndikanangoliika m'katoni. Koma manja anga anachita okha, ndinalitsegula pakati penipeni, pamaso pake ndi pamaso pa anzake, ndinayendetsa chala pa ulusi wakuda uja, ndinaona manambala a masamba mbali zonse.

Onse analimo.

Nditakweza maso ndinapeza akundiyang'ana, osalira. Anatenga kope lake n'kutuluka, anzake anamupatsa njira.

Katoni yagona m'kabati ya ahedi, kiyi ali ndi iwo. Edina sanandidikire pobwerera. Ndamupeza atatunga kale madzi, atasesa pakhomo, ndipo mpaka pano sanandifunse kanthu.